Linga la Atsamunda: Tigwetse Kapena Tisunge?

M'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, mu mzinda wa Tete, muli zipupa zakale za miyala. Ndi linga la Apwitikizi. Dzina lake ndi São Tiago Maior. Kale munali asilikali, mfuti ndi mizinga. Lero asilikali aja kulibe, ndipo mizinga siliranso. Kunja kwa zipupazo kuli misika, masukulu, zipatala ndi magalimoto ambiri. Pa kalembera wa 2017 anthu a mu mzindawo anali oposa 300,000.

Ife a ku Angónia timati kumeneko ndi ku Nyungwe. Ena a ife tinapitako kukagulitsa mbatatesi ndi nyemba. Ena tinapitako ndi wodwala, ena kukaona abale. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 200. Ambiri timabwerako osaliona lingalo, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti liliko.

Funso la phunziro lino ndi ili: kodi nyumba imene mdani anamanga kuti atipondereze, tiicite ciani mdaniyo atacoka? Tiigwetse? Tiisiye igwe yokha? Kapena tiisamale? Funsoli silikhudza miyala yokha. Likhudza mmene anthu amakhalira ndi zowawa zimene anaziona kale.

Mmene linga limasandukira mzinda

Si ku Tete kokha kumene mzinda unamera pozungulira linga. Zimenezi zinacitikanso ku Ulaya kalekale.

Zaka 2,000 zapitazo Aroma anali ndi ufumu waukulu. Likulu lawo linali mzinda wa Roma. Iwo anagonjetsa mitundu yambiri ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa Afrika. M'malire a ufumu wawo ankamanga malinga a asilikali. Kawirikawiri ankasankha malo a m'mbali mwa mtsinje, pamene anthu amaolokera.

M'mbali mwa mtsinje wa Danube anamanga linga lochedwa Vindobona. Munkakhala asilikali pafupifupi 6,000. Pamalo omwewo lero pali Vienna, likulu la dziko la Austria. Pakati pa mzindawo pali mseu wochedwa Graben. Dzinali litanthauza ngalande, cifukwa mseuwo unatsata ngalande imene Aroma anakumba kuzungulira linga lawo. Ku England anamanga linga la Eboracum m'caka ca 71 Yesu atabadwa. Lero ndi mzinda wa York, ndipo maziko a nyumba ya akulu a asilikali ali pansi pa chalichi cacikulu ca mumzindawo. Manchester nayenso anayamba ngati linga laling'ono lochedwa Mamucium, ca m'ma 79.

Nanga linga limasanduka bwanji mzinda? Yankho lake silovuta. Msilikali salima, koma amadya tsiku ndi tsiku. Tsono alimi amabwera ndi cakudya. Osula, osoka ndi oumba amabwera ndi luso lawo. Ofulula mowa amabweranso. Ena amabwera okha pofuna malonda, ena amacita kugwidwa kuti adzagwire nchito. Onsewa amamanga timisasa kunja kwa cipata. Ana amabadwa. Msika umakhazikika. Miseu imakumana pamenepo. Pakapita zaka, ufumu umatha ndipo asilikali amacoka. Koma msika sucoka, cifukwa anthu anazolowera kukumana pamalopo.

Aroma anacoka ku England ca m'ma 410. Patapita zaka 1,600, anthu akugulitsanabe zinthu pa York.

Apwitikizi nawonso analamulidwapo

Pali cinthu cina cimene ambiri a ife sitinamvepo. Dziko la Portugal nalonso linali m'manja mwa Aroma. Anthu a kumeneko, ochedwa Alusitano, sanagonje msanga. Mtsogoleri wawo Viriato analimbana ndi Aroma zaka zingapo. Aroma atalephera kumugonjetsa pankhondo, ananyengerera anzake ena, ndipo iwo anamupha ali m'tulo m'caka ca 139 Yesu asanabadwe.

Aroma analamulira dzikolo zaka mazanamazana. Anamanga miseu ndi milatho. Mlatho wawo wa miyala pa tauni ya Chaves ulipo mpaka lero. Ngakhale cilankhulo ca Cipwitikizi cinacokera ku Cilatini, cilankhulo ca Aroma.

Taonani tsono. Apwitikizi amalemekeza Viriato ngati ngwazi imene inakana kulamulidwa ndi alendo. Koma zidzukulu za anthu omwewo zinadzaoloka nyanja ndi kumanga malinga m'dziko lathu. Amene analawa ndodo dzana anadzanyamula ndodo dzulo. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaifunanso kutsogoloku.

Linga la ku Nyungwe

Apwitikizi asanafike, pa Tete panali kale malonda. Amalonda a Ciswahili ankabwera kucokera kunyanja ndi nsalu ndi mikanda. Ankasinthanitsa ndi golide wa kwa Mwenemutapa ndi minyanga ya njobvu. Kumpoto kwa mtsinje kunali dziko la Amaravi, makolo a Acewa ndi Amang'anja, ndi mafumu awo akuluakulu Kalonga, Undi ndi Lundu.

Apwitikizi anakhazikika pa Sena ndi pa Tete ca m'ma 1531. Cimene ankafuna kwambiri cinali golide. Linga lawo loyamba pa Tete linamangidwa m'zaka za m'ma 1500. Linaonongeka ndi kumangidwanso m'zaka zotsatira. M'cigwa ca Zambezi munabuka minda ikuluikulu yochedwa maprazo. Eni ake anali ndi asilikali awoawo, Acikunda, amene ambiri anali akapolo. Anthu ambiri a m'cigwamo ndi a kumtunda anagwidwa, natsitsidwa ndi mtsinje mpaka ku Quelimane, nagulitsidwa kutsidya kwa nyanja.

Ukapolo utatha, kunabwera cibalo, msonkho ndi mbalamatodya. Akuluakulu a m'makalasi athu safuna buku kuti awauze zimenezi. Anamva kwa makolo awo, ndipo ena anaziona ndi maso.

Tete anapatsidwa dzina la mzinda pa 21 Marichi 1959. Mlatho waukulu woimikidwa ndi zingwe unatha mu 1973, ndipo ufulu utabwera pa 25 Juni 1975 unadzachedwa mlatho wa Samora Machel. Kuyambira mu 2011 migodi yatsopano ya malasha ku Moatize inakoka anthu ambiri, mzinda nukulirakulira. Mlatho waciwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014.

Oyandikana nafe ali ndi mbiri yofanana. Angerezi anapha Inkosi Gomani mu 1896. Mu 1898 anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kupha mwana wake Nsingu. Pambuyo pake anakhazikitsa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Fort Johnston ndi Mangochi. Fort Manning ndi Mchinji. Fort Salisbury, imene inayamba mu 1890, inachedwa Harare mu 1982. Mau akuti Fort atanthauza linga. Maina anasinthidwa, koma mizinda inakhala pomwepo.

Maganizo atatu

Nkhaniyi ikafika m'kalasi, anthu sagwirizana. Pamamveka maganizo atatu.

Oyamba amati: "Ligwetsedwe. Munthu sasunga ndodo imene anamenyedwa nayo. Miyala yake timangire sukulu."

Aciwiri amati: "Lisungidwe, ndipo tithokoze. Pakanapanda lingalo, sipakanakhala mzinda. Pakanapanda Apwitikizi, Tete likanakhala thengo."

Acitatu amati: "Lisungidwe, koma osati mothokoza. Likhale mboni."

Tiyeni tione maganizo onsewa bwinobwino, pakuti safunsa anadya phula.

Kodi tithokoze?

Tiyambe ndi aciwiri. Mau awo amamveka anzeru, koma ali ndi zolakwa ziwiri.

Coyamba n'cakuti malonda a pa Tete sanayambe ndi linga. Anthu ankaolokera pamenepo ndi kugulitsana zinthu Apwitikizi asanafike. Linga linatsata malonda. Cimene cinaitana anthu ndi mtsinje ndi dooko. Munthu akamanga msasa pambali pa citsime ca mudzi, sanganene kuti madziwo anabwera nawo ndiye.

Caciwiri n'cacikulu koposa. Cabwino cimene cabwera pambuyo sicisandutsa coipa kukhala cabwino. Tiyerekeze ndi zapamudzi. Mbala yalanda munda wa mai wamasiye ndi kumangapo khola la ng'ombe zake. Patapita zaka mbala ija yathamangitsidwa, munda wabwerera kwa ana a mai uja. Pamene panali khola pakubereka cimanga cacikulu ndi maungu, cifukwa ca ndowe. Kodi anawo apite kukathokoza mbala? Iai. Adye cimangaco ndi mtima woyera, pakuti munda ndi wawo, ndipo alima ndi manja awo. Koma zaka zimene mai wawo anagona ndi njala sizinabwezedwe. Mbala sinamange khola kuti ithandize ana amasiye. Inamanga kuti ilemere.

N'cimodzimodzi ndi mzinda. Tingakondwere ndi Tete, ndi cipatala cake ndi milatho yake, popanda kunena kuti ukapolo ndi cibalo zinali zabwino. Amene anamangidwa magoli sanafunsidwe ngati alola kuvutika kuti mzinda udzakule. Mtengo umene analipira sitingaukhululuke m'malo mwawo.

Kodi tigwetse?

Tsopano tione oyamba. Mkwiyo wawo ndi womveka, ndipo sitiyenera kuwaseka. Wolumidwa ndi njoka sakondwera kuona una wake pakhomo. Komabe tifunse mafunso awiri.

Funso loyamba: kodi anamanga lingalo ndani? Mkulu wa asilikali analamula, inde. Koma anaphwanya miyala ndani? Anasenza pamutu m'dzuwa lotentha la ku Nyungwe ndani? Anatunga madzi ku Zambezi ndani? Anali anthu akuda a m'dziko lino. Maina awo sanalembedwe m'buku lililonse. Zipupa zija ndiye cizindikiro cimene anatisiyira. Tikazigwetsa, tafafaniza lamulo la mzungu pamodzi ndi thukuta la makolo athu.

Funso laciwiri: kodi tikagwetsa, apindula ndani? Wolakwa amakondwera umboni ukasowa. Kumbukirani za ku Wiriyamu, pafupi ndi Tete. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda anapha anthu mazanamazana m'midzi ya kumeneko, amai ndi ana omwe. Ansembe ena anasonkhanitsa maina ndi umboni. Mu Julai 1973 wansembe Adrian Hastings anaulutsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Portugal la nthawi imeneyo linakana. Koma opulumuka analipo, maina analembedwa, ndipo malo analipo. Mu 2022, patapita zaka 50, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ku Maputo. Pakanapanda osunga umboni, kupepesako kukanacokera kuti?

Munthu amene ali ndi cipsera sacidula ndi mpeni kuti aiwale moto. Akatero adzipweteka kawiri. Cipsera cimakhala, ndipo mdzukulu akafunsa kuti "Agogo, apa munatani?" agogo amapeza poyambira kumuphunzitsa.

Kusunga kosapembedza

Tatsala ndi acitatu, ndipo ine ndili kumbali yawo. Koma kusunga kuli mitundu iwiri. Pali kusunga kolemekeza, ndipo pali kusunga kokumbutsa. Dziko lathu linaonetsa kale kusiyana kwake.

Ku Lourenço Marques, pabwalo lalikulu la mzinda, panali cifanizo ca Mouzinho de Albuquerque atakwera kavalo. Iye ndi amene anagwira mfumu Ngungunhane ku Chaimite mu Disembala 1895. Mfumuyo inatengedwa ukaidi ndipo inafera ku zisumbu za Açores mu 1906. Pa nthawi ya ufulu cifanizo cija cinacotsedwa pabwalo, pakuti pabwalo ndi pamalo a ulemu. Koma sicinaphwanyidwe. Cinaikidwa m'linga lakale la mzindawo. Mu 1976 mzinda unachedwa Maputo. Mu 1985 zotsala za Ngungunhane zinabwezedwa kucokera ku Portugal, ndipo bokosi lake linaikidwa m'linga lomwelo. Tsono wogwira ndi wogwidwa ali m'linga limodzi, ndipo ana a sukulu amapita kukaona ndi kufunsa mafunso. Linga limene linali loopseza linasanduka malo ophunzirira.

Mu 1988 boma linakhazikitsa lamulo loteteza zinthu zakale za dziko, Lamulo 10/88. Mu 1991 bungwe la UNESCO linaika Ilha de Moçambique, pamodzi ndi linga lake la São Sebastião, m'gulu la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi.

Wina adzati: "Kusamala miyala kumafuna ndalama. Nanga ife ana athu akuphunzira pansi pa mtengo?" Mau awa ndi oona. Pakakhala ndalama zocepa, denga la sukulu ndi mankhwala a kucipatala ziyambe. Wamoyo aposa mwala. Koma zambiri zosamalira malo akale sizifuna ndalama zoculuka. Kusagumula miyala yake kuti timangire maziko a nyumba zathu sikufuna ndalama. Kusataya zinyalala pamenepo sikufuna ndalama. Kuuza ana mbiri yake sikufuna ndalama. Kwathu kuno sitidula mitengo ya kumanda ngakhale nkhuni zitasowa. Palibe amene amatilipira. Timacita zimenezi cifukwa tidziwa kuti malowo ali ndi eni ake.

Linga silisankha khungu

Tibwerere ku mfundo ija tinasunga. Ngati linga likhala mboni, linene zoona zonse, ndi zotiwawa zomwe.

Si azungu okha amene anamanga malinga m'dziko lino. Ku Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi, kunali linga la Bonga. Apwitikizi ankacha malinga otere aringa, mau ofanana ndi athu akuti linga. Bonga anagonjetsa magulu a nkhondo a Apwitikizi kangapo pakati pa 1867 ndi 1869, ndipo Massangano inagwa mu 1888. Timamukumbukira ngati munthu amene anakana kugonja. Koma mphamvu zakenso zinali pa Acikunda, ndipo alimi wamba ankamuopa. Ku Nkhotakota, pamalo amene mpaka lero amachedwa Linga, a Jumbe ankasonkhanitsa akapolo ndi kuwaolotsa nyanja.

Ndi kwathu kuno komwe. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe ca m'ma 1870, Acewa ambiri anathawira m'mapiri ndi kudziteteza m'malinga. Lero Angoni ndi Acewa ndife amodzi. Tinakwatirana, tilankhula cinenero cimodzi, ndipo m'kalasi tikhala pa benchi limodzi. Mwana wa lero ali ndi magazi a wothamangitsa ndi a wothamangitsidwa. Kudziwa mbiri imeneyi sikutigawanitsa. Kumatikumbutsa kuti udani umatha anthu akafuna.

Pa nkhondo ya ufulu, atsamunda anasonkhanitsa anthu ambiri a ku Tete m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, yochedwa maaldeamento. Ufulu utabwera panabukanso nkhondo ya pacibale. Anthu a ku Angónia ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kuoloka malire amene azungu anadula mu 1891. Pangano la mtendere linasainidwa pa 4 Okutobala 1992, mu mzinda wa Roma, likulu lakale la omanga malinga aja.

Tsono phunziro la linga si lakuti azungu ndi oipa ndipo akuda ndi abwino. Phunziro lake ndi lakuti munthu aliyense akakhala ndi mfuti ndi cipupa, napanda womufunsa, angathe kupondereza mnzake. Mpanda wa dimba umachinga mbuzi kuti ana adye ndiwo. Mpanda wotere ndi wabwino. Koma pali mpanda wina umene umabisa zimene wamphamvu akucita kwa wofooka. Tikaona mpanda uliwonse, wa mfumu, wa boma, wa kampani, ngakhale wa pakhomo pathu, tifunse kuti ukuteteza yani, ndipo ukubisa ciani.

Mwala sulankhula wokha

Mboni imene silankhula sithandiza pamlandu. Zipupa za ku Nyungwe sizinganene kanthu pazokha. Mlendo angaime patsogolo pake n'kunena kuti, "Taonani nchito yokongola ya Apwitikizi." Wina angaime pomwepo n'kunena kuti, "Taonani pamene makolo athu anasenza miyala." Mwala sutsutsa aliyense. Umanena zimene wolemba mbiri wauuza.

Kwa zaka mazana anai, olemba anali a mbali imodzi. Analemba maina a akazembe awo, masiku a nkhondo zawo ndi kulemera kwa golide amene anatenga. Makolo athu anasunga mbali yawo pakamwa, m'nthano, m'maina a malo ndi m'nyimbo za pamtondo. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma akagonera nthawi yaitali osalembedwa, amapita kumanda pamodzi ndi mwini wake.

Apa ndi pamene pali nchito yathu. Mai amene caka catha ankadinda cala, lero akulemba dzina lake. Mawa angalembe dzina la agogo awo amene anatengedwa kucibalo, mudzi wawo, ndi caka cimene anabwerako kapena sanabwereko. Bambo amene akuphunzira kuwerenga angapite ku Tete, n'kuwerenga yekha zolembedwa pamalo akale, n'kuona ngati zikunena zoona. Ngati zalembedwa m'Cipwitikizi cokha, angafunse kuti zilembedwenso m'Cinyungwe ndi m'Cinyanja.

M'dera lathu lomwe muli malo otere. Pali nyumba zakale za boma ku Ulongwe, imene atsamunda ankaicha Vila Coutinho. Pali mabwinja a midzi imene inasiyidwa pa nkhondo. Pali mapanga ndi mapiri kumene makolo ankabisala. Malo amenewa sali m'mabuku ambiri, koma akuluakulu a pamudzi amawadziwa. Tiwafunse adakali moyo. Tilembe zimene atiuze m'makope athu, ngakhale mizere isanu yokha. Tikabwera nazo m'kalasi, tiwerengerane ndi kukonzana.

Linga lisagwetsedwe, ndiponso lisapembedzedwe. Likhale pomwepo pakati pa msika ndi mtsinje, ndipo mbiri yake tiilembe ife, ana a amene anasenza miyala yake.

Mafunso okambirana

1. Kodi linga la asilikali limasanduka bwanji mzinda? Chulani mizinda itatu imene inayamba motere.
2. Ena amati tithokoze atsamunda cifukwa ca mzinda wa Tete. Inu mungawayankhe bwanji?
3. Kodi kusunga kolemekeza kusiyana bwanji ndi kusunga kokumbutsa?
4. Kodi m'dera lanu muli malo ati akale amene ana ayenera kuwadziwa? Ndani angatiuze mbiri yake?
5. Funsani munthu wacikulire wa pamudzi panu za cibalo kapena za nthawi ya nkhondo. Lembani ziganizo zisanu, mubwere nazo pa phunziro lotsatira.